Amayi Ena a Tsabola

Telala sankagula chovala asanachitembenuze. Anzake ankathamangira maluwa a nsalu, iye ankayamba ndi m'kati, kumene kumakhala msoko, chifukwa amati bodza la chovala limagona kumeneko. Vuto n'lakuti khalidwe limeneli silinathere pa nsalu. Mukamupatsa moni ankautembenuzanso. Mukamusekerera ankafuna adziwe chimene mwabisa kuseri kwa manowo. Mwamuna wake, yemwe ankagwira ntchito ya zamagetsi, ankamutchula kuti Apolisi, ndipo tisaname, dzinalo linkamukwana ngati lochita kuyeza ndi tepi.

Koma musafulumire kumuseka. Ali kamtsikana ka zaka zisanu, bambo ake anamutenga tsiku lina kokayenda. Pobwerako kamwanako kanangoti, kali kunyambita zala, "Amayi ena andipatsa siwiti." Mayi ake anasiya mbale imene ankatsuka. Chaka chisanathe bambo aja anali atasamukira kwa amayi a siwitiwo, atanyamula chilichonse mpaka wailesi. Chimene anasiya ndi makina osokera opalasa ndi mapazi, poti ankalemera. Makina amenewo ndi amene analera Telala, ndipo pomwepo ndi pamene anaphunzirira ntchito, miyendo yake isanafike n'komwe popalasira. Anakula akukhulupirira zinthu ziwiri, kuti mwamuna ndi wako pamene ukumuona, ndiponso kuti mwana sanama.

Wamagetsi anamupeza akusoka pakhonde la sitolo ina. Anabwera ndi ovolosi yong'ambika pabondo, ndipo patapita masiku ochepa anabweranso ndi ovolosi yomweyo itang'ambika bondo linalo. Telala anaitembenuza, n'kuona kuti pong'ambikapo padutsa lumo, osati msomali.

"Mwadula dala," anatero.

"Nanga ndikanabwera ndi chiyani?" anayankha mnyamatayo, manyazi osaoneka n'komwe.

Limenelo ndi bodza lokhalo limene Telala anamugwira nalo pa zaka zonse za banja lawo. Koma wapolisi savula yunifomu chifukwa choti lero sikunabedwe.

Anabereka ana awiri. Woyamba anali mtsikana, wochepa thupi koma woyabwa pakamwa, ndipo aliyense ankangomuti Tsabola. Wachiwiri anali mnyamata wa masaya otupa, amene ntchito yake inali kudya, kugona ndi kuloza chimene akufuna, choncho anamutcha Bwanamkubwa. Ankakhala kumapeto kwa tauni, m'kanyumba kodontha komwe khonde lake linali lalikulu kuposa chipinda chogona. Makina ankakhala pakhondepo, ndipo makasitomala ankabwera okha popanda chikwangwani.

Tsabola atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zinayi, Wamagetsi anapeza ntchito yabwinoko mbali ina ya tauni, ndipo banja linasamuka. Nyumba yatsopanoyo, abale, inali yoti ukaiona uimbe m'manja. Inali yosanja, iwo n'kupatsidwa yam'mwamba. Madzi m'nyumba momwemo, chimbudzi chogejemula, matailosi oti ungadziyang'anirepo nkhope. Telala anazungulira zipinda zonse, kugogoda zipupa, kununkhiza m'makabati, kufunafuna pamene pabisala vuto, koma sanapapeze. Chikomekome cha mkuyu, nyerere zake zinali pansi.

Pansipo pankakhala mwini nyumba, mayi wamasiye wa mutu wosapola. Tsiku loyamba limene Telala anapalasa makina, asanamalize ndi mpendero umodzi womwe, anamva gu! gu! gu! kunsi kwa mapazi ake. Inali ndodo ya mopu ikugogoda siling'i. Posakhalitsa mayiwo anakwera masitepe atamanga kansalu konyowa pamphumi.

"Amene analimo musanabwere inu ndinawatulutsa chifukwa cha phokoso," anatero mwaulemu wonse. "Sikuti ndikukuopsezani, mwanawe. Ndikungokuuzani."

Telala anayala bulangete pansi pa makina. Gu! gu! gu! Anawonjezera makatoni. Gu! gu! gu! Mapeto ake anawaphimba makinawo ndi nsalu, n'kuikapo beseni la zovala zosasita, ndipo anasanduka tebulo. Makasitomala akale anatsala kutali, atsopano panalibe, nanga munthu angadziwe bwanji kuti kuseri kwa khomo lotseka, pamwamba pa masitepe, kuli telala? Kumeneko palibe amene ankamutchula Atelala. Anali amayi a m'mwamba basi.

Tsono taganizani ana awiri m'nyumba imene pansi pake pali makutu. Tsabola sankadziwa kuyenda, ankangodziwa kuthamanga. Bwanamkubwa anali atangotulukira kumene kuti supuni ukaiponya pa matailosi imalira bwino, ndipo wina amakutolera. Tsiku linkayamba ndi phala lotayikira pansi ndi matewera, n'kupitirira ndi kutseka khomo la kumasitepe kuti wina asagubuduke, kutsika ndi ndowa ya zochapa mwana ali kumsana, kukwera, kupeza Tsabola watsekula mpopi akusambitsa nsapato za bambo ake. Ndipo pakati pa zonsezi, mawu amodzi okha: "Chete!" Osathamanga, chete. Osakoka mpando, chete. Osalira, osaseka kwambiri, chete, chete. Ana a anthu ena amayamba kulankhula ndi "mama" kapena "dada". Bwanamkubwa anaika kachala pamlomo n'kunena kuti, "Tete!" Wamagetsi anaseka mpaka misozi, koma anasekera m'pilo.

Anthu a pamalopo Telala sanawakhulupirire ndi mmodzi yemwe. Mapegi ake ankachepa pachingwe choyanikira, ndipo ankawaona mapegi ofanana nawo pa zovala za ena. Mwini nyumba akamufunsa kuti ana adzuka bwanji, iye ankamva kuti akufunsidwa kuti muchoka liti. Ndiye panali mtsikana wa pasaluni wa khomo loyang'anana nalo, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, amene magetsi ake ankadziwa nthawi. Masana onse ankayaka bwinobwino, koma Wamagetsi akangoweruka, thimu! "Achimwene, tandithandizeni kasoketi kanga." Achimwene a kuti? Anabadwira nyumba imodzi?

Nkhani yeniyeni inayamba m'mawa wina, Telala akupesa tsitsi la Tsabola. Mwanayo anali atamupanikiza pakati pa mawondo, chipeso chikuyenda mwachangu poti Bwanamkubwa anali atayamba kale kulira m'chipinda.

"Mukundipweteka!" anatero Tsabola.

"Chete. Khala bwino."

"Amayi ena sapweteka."

Chipeso chinaima pakati pa mutu. Mawu aja! Mawu omwe aja, otuluka m'kamwa kakang'ono ngati kake kalelo.

"Amayi ati?" anafunsa Telala.

"Amayi ena."

"A kuti?"

"A uko." Tsabola analoza ndi mlomo kuwindo, kumene kunali tauni yonse ndi akazi ake onse.

Wina akanathamanga kukagwira mwamuna pakhosi tsiku lomwelo. Osati Telala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye anadekha. Anagula mabisiketi a kirimu, n'kumamufunsa mwanayo pang'onopang'ono, lero funso limodzi, mawa lina, ngati munthu wosula msoko osafuna kung'amba nsalu. Tsabola, poti pakamwa panalibe zipi, ankangokhuthula.

Amayi enawo amaimba. Amaseka mpaka kugwira m'mimba. Amamubereka Tsabola kumsana ngakhale ndi wamkulu. Mvula ikamagwa amamulola kuvina panja wopanda malaya.

"Nanga adadi amawadziwa amayi amenewo?"

"Eee! Amawagwira apa akamaphika," Tsabola anagwira m'chiuno mwake, "ndiye iwo amawamenya ndi supuni, ndiye adadi amathawa akuseka."

Bisiketi inaphwanyikira m'dzanja la Telala. Masewera amenewo ankawadziwa. Nanga si ndi omwe bamboyo ankachita kwa iye? Kodi anasiya liti? Anayesa kukumbukira, osakumbukira. Ndiye kuti anangowasamutsa, anaganiza. Mwamuna sasintha nyimbo, amangosintha womuimbira.

Koma chimene chinamuwotcha kwambiri ndi diresi yachikasu. Inali itayamba kale kumuthina Tsabola m'khwapa, koma mwanayo sankafuna kuvala ina. Tsiku lina Telala anailowetsa m'thumba la zovala zakale, ndipo Tsabola anagwa pansi, kulira kogubuduka, mpaka ndodo ya mopu inalowerera.

"Imeneyo anandisokera amayi ena! Musaitaye!"

Ha! Diresi imene iye mwini anasoka ndi zotsalira za makatani a kasitomala, n'kuikamo mabatani a ngati nsomba amene anawafunafuna msika wonse! Anaitembenuza kuti atsimikize, ndipo msoko unali wake, wowongoka, wobwereza kumapeto monga ankachitira. Kamkazi kameneko kakundibera mwamuna, anatero mumtima, tsopano kakuuza mwana wanga kuti kanasoka ndi iko? Kandiberenso msoko? Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha enieni. Ankaopa kutsala monga anatsalira mayi ake, ndi ana awiri ndi makina, koma iye makina ake ali omangidwa pakamwa, m'nyumba ya eni, pakati pa anthu osamudziwa dzina. Analowa m'bafa, n'kutsekula mpopi, n'kulira motsitsa mawu, poti ngakhale kulira kunkamveka pansi.

Kafukufuku anayamba. Ovolosi ya Wamagetsi inkatembenuzidwa madzulo alionse, koma m'matumba munkangotuluka tepi yakuda, timasikuluwu ndi zidutswa za waya. Malaya ankanunkhizidwa m'khosi, n'kungomveka thukuta ndi fumbi la m'siling'i. Foni nayo inaonedwa mwini wake ali kosamba, ndipo munali abwana, anzake a kuntchito, ndi zithunzi za mamita a magetsi. Munthu wina zikanamukhazika mtima pansi. Telala anangoti bamboyu wachenjera kuposa mmene ndinkamuganizira.

Woganiziridwa woyamba anali wa pasaluni uja. Telala anagogoda pakhomo pake masana ena monamizira kubwereka simbi, atamugwira Tsabola padzanja ngati galu wa apolisi. Mtsikanayo anawalandira ndi chimwemwe, n'kumupatsa mwanayo kagalasi koti adziyang'anire. Telala maso anali pa Tsabola, kudikira kuti athamange, akumbatire, aulule. Mwanayo anangoima, akuyang'ana zala za mtsikanayo kukamwa kuli yasa. Atabwerera m'nyumba Telala anatseka chitseko n'kugwada.

"Amayi ena ndi amene aja?"

"Iyayi! Aja ndi anti a zikhadabo."

Mlandu unathera pomwepo, ndipo kunena zoona Telala anakhumudwako. Mdani wa khomo loyang'anana nalo ndi wabwino, umadziwa pomupeza.

Kenako maso ake anagwera pa tsiku Loweruka. Chisamukire, Loweruka lililonse Wamagetsi akaweruka masana ankatenga Tsabola kokayenda. "Kuti inu mupumeko," amatero, "ndi kuti mutu wa amayi a pansi upumenso." Telala ankathokoza, n'kumati mwamuna wanga ndi woganizira anzake. Chitsiru ine, anadzinena tsopano. Bambo anga aja sananditenge kokayenda? Loweruka lotsatira, awiriwo atabwerako kokayenda, Telala anatenga nsapato za Tsabola n'kuzitembenuza. M'mizere ya kunsi munali dothi lofiira. Kumene ankakhala tsopano kunali phula ndi simenti zokhazokha. Dothi lofiira limenelo ankalidziwa bwino, analisesa pakhonde zaka zambirimbiri. Linali la kumapeto kwa tauni, kumene anachokera.

Ndiye kuti ndi munthu womudziwa! Usiku ndi usana akazi a kumeneko ankadutsa m'mutu mwake pamzere, ndipo ankawadziwa onse mpaka m'chiuno, nanga si anawayeza yekha? Kodi ndi uja wa golosale, wokonda masiketi othina? Kapena mphunzitsi uja amene ankabwera kudzayeza diresi imodzi katatu, makamaka bambo akakhala pakhomo? Kapena wa kwaya uja, poti Tsabola akuti amaimba? Aliyense amene anakhalapo pa benchi ya pakhonde lija, kumwa tiyi wake, kuseka naye, tsopano anali ndi mlandu.

Pachakudya chamadzulo anayesa kuponya kamwala.

"Mapanga awiri avumbwitsa, bambo a Tsabola."

"Mvula yake iti, Apolisi? Kunjaku kuli nyenyezi."

Anayankha akuseka, mpunga uli m'kamwa, nkhope yosalakwa ngati ya mwana wa m'kalasi yoyamba. Koma Tsabola, amene ankasewera ndi nyemba m'mbale mwake, anadzutsa mutu.

"Adadi, Loweruka tikawapeza amayi ena?"

Kuseka kuja kunazima ngati wadula waya. Wamagetsi anayang'ana mkazi wake, n'kubweza maso msanga, n'kuwaika m'mbale.

"Idya, Tsabola," anatero.

Kenako bamboyo anaika supuni pansi, n'kupukuta pakamwa, n'kukanda kuseri kwa khutu.

"Mayi a Tsabola, pali kankhani kena kamene ndakhala ndikufuna..."

Pomwepo Bwanamkubwa anakankha kapu yachitsulo kuchoka patebulo. Ngwee! Inagudubuzika mpaka kukhomo. Gu! gu! gu! inayankha ndodo ya pansi.

"Chete nonse!" anakuwa Telala, n'kumenya patebulo. Tsabola anadzidzimuka, n'kutsetserekera pansi pa tebulo, kukagwira mwendo wa bambo ake.

Wamagetsi anamuyang'ana mkazi wake nthawi yaitali, ndi maso amene Telala sanawamvetse.

"Basi," anatero. "Tidzakamba tsiku lina."

Kwa Telala kumeneko kunali kuvomera mlandu. Chinatsala ndi kugwira wakuba dzanja lili m'thumba.

Loweruka litafika anawatsanzika bwinobwino, mpaka kumupukuta Tsabola kumaso ndi kumuveka diresi yachikasu ija. Atangomva geti likutsekeka anaponya Bwanamkubwa kumsana, kumanga mpango kumutu mpaka m'maso, n'kutsika masitepe nsapato zili m'manja. Pasiteji anabisala kuseri kwa wogulitsa maambulera mpaka bambo ndi mwana atakwera minibasi, iye n'kukwera yotsatira. Ulendo wonse ankakonza mawu. Ena anali oyamba nawo, ena omaliza nawo, ena oti akanena, kamkaziko kasadzatulukenso panja masana. Kondakitala anachita kumufunsa kawiri kumene akutsikira.

Atatsika, fumbi lofiira linamulandira. Nayenso wogulitsa makala wa pakona anamuzindikira ngakhale anadzikulunga chotero.

"Atelala! Mwasowatu! Buluku langa lija mpaka lero..."

"Shii!" anatero Telala, n'kudutsa ngati sakumudziwa.

Anawaona patsogolo, Wamagetsi ndi kadiresi kachikasu kakudumphadumpha pambali pake. Anadutsa golosale osayang'anako. Mmodzi wapulumuka. Anadutsa nyumba ya mphunzitsi. Anadutsa kanjira ka kwa wa kwaya. Telala anayamba kusokonezeka, chifukwa kutsogoloko kunatsala nyumba imodzi yokha, ndipo ankaidziwa kuposa zonse. Tsabola anasiya dzanja la bambo ake n'kuthamanga, kukaika nkhope pampata wa mpanda wa nyumba yawo yakale.

Chitseko chinatsekuka. Kunatuluka mayi wonenepa bwino, woyera mano, atavala epuloni, atanyamula kapu ya madzi. Anamwetulira ngati wawaona abale ake.

"Alendo anga a Loweruka afika! Lowani, bambo. Bwera, mwanawe."

M'nyumba yanga yomwe! Pakhonde langa lomwe! Mawu onse amene Telala anakonza m'minibasi anabalalika. Anangozindikira ali kale m'kati mwa mpanda, mpango uli m'khosi, Bwanamkubwa akugwedezeka kumsana.

"Ndiye ndi kuno! Ndi kuno kumene mumapumitsira mutu wa amayi a pansi!"

Wamagetsi anatembenuka modzidzimuka. Mayi wa epuloni uja anabwerera m'mbuyo, madzi akutayikira pa zala.

"Pepani, mayi, inu ndinu ndani?"

"Mukundifunsa ine? Ndine mkazi wa bambo amenewa! Wa ukwati!"

Telala ankayembekezera kuti mayiyo athawira m'nyumba, kapena aika manja m'chiuno n'kuyamba kubweza. Koma nkhope yake inangofewa. Anaika kapu pansi, n'kupukuta manja pa epuloni, n'kuyandikira ngati munthu wodzapepesa pamaliro.

"Oo, ndinu amayi ake omupeza? Pepanitu, sindinadziwe kuti bambowa anakwatiranso. Mulimbe mtima, mayi, mwana wamasiye amafuna kuleza. Uyu amandimvetsa chisoni. Loweruka lililonse amafika, kusuzumira m'mawindo, kuzungulira kuseri, kufunafuna malemu mayi ake."

"Malemu?" Liwu la Telala linatuluka laling'ono.

"Ine sindinanenepo kuti malemu," anatero Wamagetsi msangamsanga.

"Simunanene, inde," anayankha mayiyo. "Koma mwana akamabwera pakhomo lakale kudzafunsa amayi ake, bambo ake maso ali pansi, ine ndiganize chiyani? Ndinkaopa kufunsa, kuti ndingatokose chilonda."

Telala anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana mayiyo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sanadziwe choti atembenuze. Tsabola anali atakwera kale pakhonde, osasamala za akuluakulu. Telala anapita pomwepo n'kugwada, mawondo ake akugunda simenti imene ankaikolopa m'mawa uliwonse.

"Tsabola. Amayi ena aja ndi awa?"

"Iyayi. Awa ndi a madzi."

"Nanga amayi enawo ali kuti?"

"Amakhala apa." Mwanayo anaponda pakona ya khonde. Pa simentipo panali timaenje tinayi ta dzimbiri, pamene miyendo ya makina inadya kwa zaka. "Amasoka apa, mapini ali pakamwa, ndiye amaimba choncho, mmm mmm, chifukwa akatsekula pakamwa mapini agwa. Ine ndimakhala pansi apa, ndimatola tinsalu."

"Ndiye anapita kuti?"

"Sanapite. Lole itabwera sanakwere. Malo anatha, munadzaza mipando." Tsabola ananena izi mosadandaula, monga munthu wofotokoza chinthu chodziwika kale. "Ndiye timabwera kudzawatenga, koma timawapeza kulibe."

Telala anadziloza pachifuwa.

"Nanga ine ndine ndani, mwanangu?"

Tsabola anamuyang'ana bwinobwino, kuyambira kumpango mpaka kumapazi a fumbi, pofuna kuyankha zoona.

"Inu ndinu a kunyumba ya masitepe. Inu mumakalipa."

Mayi wa epuloni uja anagwira pakamwa. Anali atamvetsa tsopano, ndipo manyazi anamugwira mpaka anangotola kapu yake n'kulowa m'nyumba cham'mbuyo, akuti pepani, pepani, kaya kwa yani. Wamagetsi anayandikira, n'kukhala pa sitepe ya khonde, chipewa chili m'manja.

"Anayamba sabata yomwe tinasamuka," anatero motsitsa. "Ndinkati akabwera n'kuona yekha kuti kulibe munthu, aiwala. Koma akamabwera ndi pamene akulimbikira. Ndinayesa kumuuza kuti amayi ako ndi omwe aja a kunyumba, iye akuti ayi, aja ndi ofanana nawo chabe." Anapotokola chipewa chija. "Inu ndikanakuuzani bwanji, mayi a Tsabola? Muli kale ndi zokwanira. Mawu ake ndikanawayambira pati?"

Telala anabwera kudzamenyana ndi mkazi, ndipo akanamupeza akanadziwa chochita, pakuti nkhondo imeneyo anaikonzekera kuyambira ali ndi zaka zisanu. Mwamuna wake anali pomwepo, wake yekha, wosabedwa ndi aliyense, ndipo zimenezo sizinamusangalatse ngakhale pang'ono. Chinamupweteka, chinamupweteka kuposa mmene chibwenzi chikanamupwetekera. Miyezi yonseyi ankalondera mwamuna, pamene amene ankachoka pang'onopang'ono, akudya naye mbale imodzi, anali mwana.

Anamasula Bwanamkubwa n'kumupereka kwa bambo ake. Dzuwa linali litapendeka, ndipo mthunzi wa denga unafika pakati pa bwalo. Kutali wina ankakhoma malata, ana ankakuwa pampira, galu ankauwa, phokoso lonse la kumapeto kwa tauni limene palibe ankaligogodera ndodo. Tsabola anakhala pansi pafupi ndi timaenje tija, miyendo atatambasula, maso ali kugeti.

"Tiyeni tizipita, kukuda," anatero Wamagetsi. "Tsabola, dzuka."

"Ayi, mwina apita kumsika kukagula ulusi." Kenako anatembenukira kwa Telala, ngati waganiza chinthu chatsopano. "Inu mumawadziwa?"

"Ndimawadziwa."

"Abwera?"

Telala anatsekula pakamwa. Akanatha kunena kuti ndine ndemwe, taona, ndine ndemwe, koma mwanayo anali atamuyang'ana kale bwinobwino n'kupereka yankho lake, ndipo kukangana naye sikukanasintha kanthu. Akanathanso kunena kuti inde, abwera mawa, koma Lolemba masitepe adzakhala omwe aja, ndodo ya mopu yomwe ija, ndipo sankadziwa ngati lonjezo limenelo angalisunge. Anakoka siketi yake, n'kukhala pansi pa simenti pambali pa mwana wake, osamukhudza, nayenso maso kugeti.

"Tiwadikire pang'ono," anatero.